Oyenera kulandira Mtukula Pakhomo: zimene malamulo amanena za anthu okhala okha ku Machinga ndi Balaka

Kukhala yekha pakhomo sikupatsa munthu mwayi wolowa m'ndondomeko ya Mtukula Pakhomo. Malamulo amene ndondomekoyi yakhala ikutsatira chiyambire m'chaka cha 2006 amafuna kuti banja likwaniritse mfundo ziwiri pa nthawi imodzi: likhale losaukitsitsa, komanso likhale losowa anthu otha kugwira ntchito yopezera chakudya. Pamwamba pa mfundo ziwirizi pali malire a chiwerengero cha mabanja amene angathe kulowa m'dera lililonse, kotero kuti ena okwaniritsa mfundo zonse amatsalabe kunja.

Nkhaniyi ndi yofunika kwa ogwira ntchito m'makhonsolo a Machinga ndi Balaka, alangizi, mafumu ndi makomiti a m'midzi. Munthu wokhala yekha, monga gogo wamasiye, munthu waulumali kapena wodwala matenda amgonagona, savuta kumuyeza pa malamulowa, koma ndiyenso amaiwalika msanga pa nthawi ya kalembera. Alibe womuyankhulira pa msonkhano, alibe womukumbutsa tsiku lolembetsa, ndipo akalowa m'ndondomekoyi amalandira ndalama zochepa kuposa banja lina lililonse.

Mmene ndondomekoyi inafikira m'maboma awiriwa

Mtukula Pakhomo ndi ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa popanda kuwagwiritsa ntchito kapena kuwauza kuti adzabweze. Inayamba mongoyesera m'boma la Mchinji m'chaka cha 2006 ndi thandizo la bungwe la UNICEF, ndipo m'zaka zoyambirira ndalama zopereka kwa mabanja zinkachokera ku thumba la Global Fund kudzera ku bungwe la National AIDS Commission. Pa nthawiyo mliri wa Edzi unali utapha anthu ambiri a msinkhu wogwira ntchito, n'kusiya agogo akulera adzukulu amasiye, ena atatsala okhaokha m'nyumba.

Pakati pa 2007 ndi 2008 ndondomekoyi inafalikira ku Likoma, Machinga, Salima, Mangochi, Chitipa ndi Phalombe. Maboma asanu ndi awiri oyambirirawa, kuphatikizapo Mchinji, anadzayamba kulandira thandizo la dziko la Germany kudzera ku banki ya KfW. Boma la Balaka linalowa m'zaka zotsatira ndi thandizo la dziko la Ireland, lomwe linathandizanso Ntcheu. Maboma ena analowa ndi ndalama za bungwe la European Union ndi Banki Yaikulu pa Dziko Lonse, pamene Thyolo inkalipiridwa ndi boma la Malawi lenileni. Pofika 2018 ndondomekoyi inali m'maboma onse 28, ndipo cha mu 2022 inkafikira mabanja pafupifupi 300,000, omwe ndi anthu pafupifupi 1.3 miliyoni.

Balaka inali mbali ya boma la Machinga mpaka m'chaka cha 1998 pamene inakhala boma paokha. Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza anthu 735,438 ku Machinga ndi 438,379 ku Balaka. Ngakhale maboma awiriwa analowa pa nthawi zosiyana komanso ndi othandiza osiyana, malamulo osankhira mabanja anali amodzi, chifukwa ndondomekoyi ndi ya boma. Unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu ndiwo umaiyendetsa, ndipo m'maboma ntchitoyi ili m'manja mwa khonsolo kudzera ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu.

Banja ndi ndani pa malamulowa

Mtukula Pakhomo sasankha munthu payekha, amasankha banja. Pa malamulowa banja ndi anthu amene amakhala pamodzi n'kumadya za mumphika umodzi. Ubale wa magazi si umene umayezedwa, ndiponso kugona m'nyumba imodzi si chizindikiro chokhacho. Munthu amene amadziphikira yekha ndi kudzipezera yekha chakudya amawerengedwa ngati banja la munthu mmodzi.

Mfundo imeneyi imafuna kusamala kwambiri ku Machinga ndi Balaka, kumene midzi yambiri imatsatira chikamwini ndipo mayi wokalamba amakhala atazunguliridwa ndi nyumba za ana ake aakazi ndi adzukulu. Gogo amene amagona m'kanyumba kake koma tsiku ndi tsiku amadya nsima ya kwa mwana wake ndi wa m'banja la mwanayo, ndipo ayenera kulembedwa kumeneko. Koma gogo amene amasonkha moto wake, kudzitungira madzi ndi kungolandira kambale ka ndiwo mwa apo ndi apo ndi banja palokha, ngakhale nyumba ya mwana wake ili pafupi.

Pali zolakwika ziwiri zimene zimachitika apa. Choyamba ndi kuphatikiza munthu wokhala yekha ku banja la achibale amene samudyetsa. Zikatero mphamvu za achibalewo zimawerengedwa ngati zake, ndipo iye amagwa pa mfundo ya kusowa ogwira ntchito. Chachiwiri ndi kugawa banja limodzi pawiri mwadala, n'kulembetsa gogo ngati wokhala yekha pofuna kuti banja limene silikanayenera lipeze ndalama. Zonse ziwirizi zimamana thandizo munthu woyenera, ndipo njira yozipewera ndi imodzi: wolemba afike pakhomopo, aone pamene pamaphikidwa chakudya, afunsenso anthu oyandikana nawo.

Mfundo yoyamba: umphawi wadzaoneni

Banja losaukitsitsa ndi limene likulephera kupeza zofunika zenizeni pa moyo, monga chakudya, sopo ndi zovala. Ku Mchinji makomiti oyambirira anapatsidwa zizindikiro zoti aziyang'ana, ndipo zizindikirozo n'zothandizabe: kudya kamodzi patsiku kapena kugona ndi njala, kudalira kupempha, kusowa katundu kapena ziweto zoti n'kugulitsa pa nthawi ya mavuto, nyumba yosalongosoka, komanso kusalandira thandizo lokhazikika kuchokera kwa wina aliyense.

Chizindikiro chomalizachi chimakhudza kwambiri anthu okhala okha. M'madera ambiri a Machinga ndi Balaka muli mabanja amene ana awo anapita kukagwira ntchito ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku South Africa. Munthu wokalamba amene mwana wake amamutumizira ndalama mwezi ndi mwezi, zokwanira chakudya ndi sopo, sali m'gulu la osaukitsitsa ngakhale akukhala yekha. Komatu kungokhala ndi mwana kunja si umboni wakuti thandizo likufika. Alipo makolo amene mudzi wonse umawadziwa kuti ali ndi mwana ku Joni, chonsecho papita zaka asanalandireko kalikonse. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti ndalamazo zimabwera kangati ndipo zinabwera liti komaliza.

Mfundo yachiwiri: kusowa otha kugwira ntchito

Malamulo amagawa anthu a m'banja m'magulu awiri. Wotha kugwira ntchito ndi munthu wa zaka zapakati pa 19 ndi 64 amene ali ndi thanzi. Wodalira ena ndi mwana wa zaka 18 kutsika m'munsi, munthu wa zaka 65 kupita m'tsogolo, kapena wa zaka 19 mpaka 64 amene sangagwire ntchito kaamba ka ulumali kapena matenda amgonagona.

Banja limatchedwa losowa ogwira ntchito ngati mulibe munthu ngakhale mmodzi wotha kugwira ntchito, kapena ngati munthu mmodzi wotha kugwira ntchito akusamalira anthu oposa atatu. Mayi wa zaka 35 wathanzi amene akulera ana atatu sakwaniritsa mfundoyi, koma akakhala ndi ana anayi, kapena ana atatu ndi gogo, waikwaniritsa. Pamene pali akuluakulu awiri athanzi, odalira ayenera kupitirira asanu ndi mmodzi.

Kwa munthu wokhala yekha masamu ake ndi achidule, chifukwa funso limangokhala limodzi: kodi iyeyo angathe kugwira ntchito? Gogo wa zaka 72 wa kwa Mfumu Yaikulu Kawinga amene akukhala yekha wakwaniritsa mfundoyi ndi zaka zake zokha, ngakhale atakhala kuti amagwirabe khasu. Bambo wa zaka 40 wa kwa Kalembo amene anafa ziwalo ndipo akukhala yekha waikwaniritsanso kaamba ka ulumali. Mwana wamasiye wa zaka 16 amene watsala yekha pakhomo naye ali m'gulu lomweli. Koma mnyamata wa zaka 28 wathanzi amene akukhala yekha sangalowe, ngakhale atasauka bwanji, chifukwa malamulo amamuona ngati wotha kudzithandiza.

Chovuta chili pa anthu a zaka 60 mpaka 64. Ndondomeko ya dziko lino yokhudza anthu achikulire ya 2016 imati munthu wachikulire ndi wa zaka 60 kupita m'tsogolo, pamene malamulo a Mtukula Pakhomo anaika malire pa zaka 65. Choncho mayi wamasiye wa zaka 62 wokhala yekha ndi wachikulire pa ndondomeko ina, koma pa Mtukula Pakhomo amawerengedwa ngati wotha kugwira ntchito pokhapokha atakhala ndi ulumali kapena matenda okhalitsa. Kusiyana kumeneku kumadzetsa madandaulo ambiri, ndipo n'kofunika kukufotokoza momveka pa msonkhano woyamba.

Zaka zenizeni za munthu nazo zimavuta. Okalamba ambiri a m'midzi alibe chikalata chosonyeza tsiku lobadwa, ndipo pa kalembera wa chitupa cha unzika amene bungwe la National Registration Bureau linachita mu 2017 ena anangoyerekeza zaka zawo. Kulakwitsa kwa zaka ziwiri kapena zitatu pa chitupa kungathe kutulutsa munthu woyenera. Pamene zaka za pachitupa zikuoneka kuti zikusemphana ndi zimene mudzi ukudziwa, nkhaniyo iyenera kupita ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, ndipo mwini chitupa athandizidwe kukakonzetsa ku ofesi ya kalembera.

Pa nkhani ya ulumali ndi matenda, chimene chimayezedwa si dzina la matendawo koma ngati akumulepheretsa munthu kugwira ntchito. Munthu amene akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku koma ali ndi mphamvu zolima ndi wosiyana ndi amene wakhala chigonere kwa miyezi.

Malire a mabanja 10 pa 100 alionse

Kukwaniritsa mfundo ziwirizi kumangoika banja pa mndandanda wa oyenera. Chiyambire ndondomekoyi, boma lililonse linkaloledwa kulowetsa mabanja 10 okha pa mabanja 100 alionse. Chiwerengerochi chinachokera ku kafukufuku wa umoyo wa mabanja amene ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2004 ndi 2005. Kafukufukuyu anapeza kuti anthu pafupifupi 52 pa 100 alionse anali osauka, ndipo pafupifupi 22 anali osaukitsitsa. Okonza ndondomekoyi anayerekeza kuti mwa 22 amenewa, 12 anali ndi mphamvu zogwirira ntchito, ndipo 10 otsalawo ndiwo anali opanda pogwira.

Vuto la malire ofanana m'dziko lonse ndi lakuti umphawi si wofanana m'maboma onse. Kafukufuku yemweyo anaika Machinga pakati pa maboma osaukitsitsa, kumene anthu oposa 70 pa 100 alionse anali osauka. Balaka ndi dera la mvula yochepa ndi ng'amba zobwerezabwereza, pamene anthu a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ku Machinga amavutika nyanjayo ikaphwa, monga zinachitikira mu 1995 ndi 2018. M'madera otere mabanja oyenera amachuluka kuposa malo amene alipo. M'gulu la midzi la mabanja 1,000 mungapezeke mabanja 150 okwaniritsa mfundo zonse, koma olowa n'kukhala 100 okha. Otsalawo sanakanidwe chifukwa chosayenera, angotsala chifukwa malo atha, ndipo ayenera kuuzidwa zoona zake.

Mmene mabanja amasankhidwira

Dera la mfumu yaikulu limagawidwa m'magulu a midzi, gulu lililonse la mabanja pafupifupi 800 mpaka 1,500. M'gulu lililonse anthu amasankha pa msonkhano komiti ya anthu ongodzipereka yoona za ndondomekoyi. Mafumu amaitanitsa misonkhano ndi kuchitira umboni kuti mabanja olembedwawo ndi a m'mudzi mwawo, koma kusankha si udindo wawo.

M'zaka zoyambirira komiti ndiyo inkatchula mabanja, kuwayendera ndi kuwasanja kuyambira ovutikitsitsa. Pambuyo pake boma linaonjezerapo njira yoyezera umphawi pa kompyuta pogwiritsa ntchito mayankho a mafunso okhudza mtundu wa nyumba, katundu, ziweto, munda ndi anthu a pakhomo. Kuyambira cha mu 2016 boma linayamba kukhazikitsa kaundula mmodzi wa mabanja wotchedwa Unified Beneficiary Registry, kapena UBR mwachidule, kuti ndondomeko zosiyanasiyana zothandiza osauka zizitenga mayina pamalo amodzi. Kaundulayu amasanja mabanja m'magulu asanu, kuyambira osaukitsitsa mpaka opeza bwino, ndipo Mtukula Pakhomo amatenga mayina ku magulu a m'munsi.

Mndandanda ukatuluka umabwerera kumudzi kuti ukawerengedwe pa msonkhano, pamene anthu amaloledwa kutsutsa dzina lolowa molakwika kapena kutchula banja loiwalika. Kenako komiti ya pa boma yoona za chithandizo cha ovutika imavomereza mayinawo, ndipo mabanja osankhidwa amaitanidwa kukalembetsa. Malamulo anakonza zoti kusankha kuzibwerezedwa pakatha zaka zinayi zilizonse, ngakhale m'maboma ena ntchitoyi yakhala ikuchedwa.

Pa sitepe iliyonse mwa izi munthu wokhala yekha angathe kutayika. Wolemba akafika pakhomo n'kupeza chitseko chotseka, mwina mwini wake ali kuchipatala kapena wapita kukapempha ufa, palibe wina womuyankhira mafunso, ndipo amene sanalembedwe m'kaundula kompyuta singamusankhe. Mayankho enanso angathe kunamiza: nyumba ya malata imene mwamuna anamanga zaka 30 zapitazo ikhoza kukweza mayi wamasiye pa mndandanda, chonsecho m'nyumbamo mulibe ufa. Msonkhano wotsimikizira mayina ndiwo uyenera kukonza zoterezi, koma gogo wosatha kuyenda kapena munthu wosamva safikako kapena kutsatira zokambidwa.

Palinso okalamba amene mudzi umawasala powanamizira ufiti. Anthu oterewa sapeza wowatchula pa msonkhano. Ogwira ntchito m'boma ayenera kukumbukira kuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la za ufiti la 1911, ndipo lamulo loteteza anthu achikulire limene nyumba ya malamulo inavomereza mu 2024 limaletsa kuwasala ndi kuwachitira nkhanza. Mphekesera za m'mudzi si mfundo yochotsera munthu pa mndandanda.

Ndalama zimene banja la munthu mmodzi limalandira

Kuchuluka kwa ndalama kumatengera chiwerengero cha anthu pakhomo, ndipo pamakhala kangachepe koonjezera pa mwana aliyense wa pasukulu. Mu 2006 banja la munthu mmodzi linkalandira K600 pamwezi, la anthu awiri K1,000, la atatu K1,400 ndipo la anayi kapena kuposerapo K1,800, kuonjezapo K200 pa mwana wa ku pulayimale ndi K400 pa wa ku sekondale. Mu 2013 ndalama za munthu mmodzi zinakwera kufika pa K1,000, mu 2015 pa K1,700, ndipo mu 2017 pa K2,600. M'chaka cha 2017 chomwecho banja la anthu anayi linkalandira K5,600, kuonjezapo K800 pa mwana wa ku pulayimale ndi K1,500 pa wa ku sekondale. Ndalamazi zakhala zikukwezedwanso m'zaka zotsatira potsatira kukwera mitengo kwa zinthu.

Pa kakonzedwe kameneka munthu wokhala yekha amalandira zambiri pa mutu umodzi koma zochepa pakhomo, ndipo alibe mwana wa pasukulu woti n'kuonjezera ndalamazo. Chonsecho pali zinthu zina zimene mtengo wake sutsika chifukwa choti pakhomo pali munthu mmodzi. Denga likadontha udzu wake ndi womwewo. Ntchito zimene m'mabanja ena amagwira ana, monga kutunga madzi, kutola nkhuni, kupita kuchigayo ndi kupalira m'munda, iye ayenera kulipira wa ganyu kapena kudikira wachifundo. Ichi n'chifukwa chake kuchedwa kwa malipiro kumamupweteka kuposa ena.

Kafukufuku amene sukulu ya ukachenjede ya North Carolina, nthambi ya Centre for Social Research ya University of Malawi ndi bungwe la UNICEF anachita ku Salima ndi Mangochi pakati pa 2013 ndi 2015 anapeza kuti mabanja olandira ndalamazi anayamba kudya bwino, kugula ziweto ndi zipangizo zaulimi, komanso kusunga ana pasukulu. Pa kwacha iliyonse imene banja linalandira, phindu lake linafika pa K1.69. Akatswiri a kafukufuku wotere amati ndalamazi zimasintha moyo wa banja zikafika pa gawo limodzi mwa magawo asanu a zimene banjalo limagwiritsa ntchito pamwezi.

Ndalama za Mtukula Pakhomo zilibe lamulo la kagwiritsidwe ntchito. Wolandira angathe kulangizidwa kulowa m'gulu la banki mkhonde kapena kugula nkhuku, koma sangachotsedwe chifukwa wasankha kugula chimanga ndi mankhwala. Mfumu, wa m'komiti kapena wachibale alibe gawo pa ndalamazi, ndipo kukakamiza wolandira kuti agawane ndi mudzi n'kuphwanya malamulo.

Kulandira ndi womulandirira

Poyamba ndalama zinkaperekedwa pamanja pa malo osankhidwa, kawirikawiri kamodzi pa miyezi iwiri. Machinga ndi Balaka ali m'gulu la maboma amene anayambirira kuyesa kulipira kudzera ku banki ndi pa foni. Njira zimenezi zimachepetsa mizere ndi kuopsa konyamula ndalama zambiri pa galimoto, koma zimafuna kuti wolandira adziwe nambala yake yachinsinsi ndi kutha kufika kwa wotapitsa ndalama.

Banja lililonse limalembetsa wolandira weniweni ndi wina womulandirira akalephera. M'banja la anthu angapo womulandirira amachokera pakhomo pomwepo, koma kwa munthu wokhala yekha amachokera kunja: mdzukulu, mphwake kapena woyandikana naye. Apa ndi pamene ndalama za okalamba ndi aulumali zimasowera kawirikawiri. Womulandirira ayenera kusankhidwa ndi mwini wake mosakakamizidwa, ndipo mwiniyo ali ndi ufulu womusintha. Komiti ikamayendera olandira, ndi bwino kufunsa mwini wake payekha kuchuluka kwa ndalama zimene zinamufika m'manja, womulandirirayo palibe.

Zinthu zikasintha pakhomo

Banja lisintha, nkhani yake iyenera kufika ku ofesi. Gogo wokhala yekha akalandira adzukulu awiri amasiye, banjalo lakhala la anthu atatu ndipo ndalama ziyenera kukwera, kuphatikizapo za sukulu. Wolandira akasamukira kwa mwana wake n'kuyamba kudya kumeneko, kapena akachoka m'deralo, komiti iyenera kudziwitsa alangizi.

Munthu wokhala yekha akamwalira, banjalo latha ndipo malipiro ayenera kuimitsidwa. Mtukula Pakhomo si chuma chamasiye choti achibale n'kulowa m'malo. Izi n'zosiyana ndi banja la anthu angapo, limene mutu wake ukamwalira otsalawo amangosankha wolandira wina. Kubisa imfa n'cholinga chopitiriza kutapa ndalama ndi kuba, ndipo kumatsekereza malo amene akanathandiza wina.

Amene akuona kuti anasiyidwa molakwika, sanalandire ndalama zokwanira kapena akulandidwa ndalama angathe kudandaula ku komiti ya m'dera, ku komiti yomva madandaulo, kwa mlangizi wa zachisamaliro cha anthu kapena ku ofesi ya bwanamkubwa. Kudandaula n'kwaulere, ndipo munthu wina angathe kudandaula m'malo mwa amene sangathe kuyenda.

Otsala kunja ndi kusintha kumene kunakonzedwa

Osauka amene ali ndi mphamvu anakonzeredwa ndondomeko zina, monga ntchito za m'midzi zolipidwa, zipangizo zaulimi zotsika mtengo ndi magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama. Ndondomeko ya dziko lino ya chithandizo cha ovutika ya 2012 ndiyo inasanja magawo amenewa kuti aliyense apeze pomuyenera. Munthu wokhala yekha amene sangagwire ntchito, akatsala kunja kwa Mtukula Pakhomo, sangapindulenso ndi ntchito za m'midzi, ndipo chimene chimamutsalira ndi chakudya cha nthawi ya njala, mipingo, mizikiti ndi achibale.

Kale m'madera ambiri olandira Mtukula Pakhomo ankachotsedwa pa mndandanda wa chakudya cha nthawi ya njala ponena kuti asadye pawiri. Pa njala ya 2016 ndi 2017, imene inakhudza anthu oposa 6.5 miliyoni, boma linalamula kuti mabanja a Mtukula Pakhomo m'madera okhudzidwa alandire nawo chakudyacho. Balaka ndi limodzi mwa maboma amene anayesa pambuyo pake njira yoonjezera ndalama kwa olandira m'miyezi ya njala.

Dongosolo la ntchito la Mtukula Pakhomo la zaka za 2022 mpaka 2027 linakonza zosintha ziwiri zikuluzikulu. Choyamba ndi kukweza chiwerengero cha mabanja kuchoka pa 10 kufika pa 15 pa 100 alionse. Chachiwiri ndi kusiya pang'onopang'ono masamu a ogwira ntchito ndi odalira, n'kuyamba kusankha mabanja osauka potengera magulu a anthu amene ali pakhomopo, monga okalamba, aulumali, odwala matenda okhalitsa ndi ana aang'ono. Njirayi inayamba kuyesedwa ku Thyolo. Popeza kusinthaku kumafika m'boma pa nthawi yosankhanso mabanja, wogwira ntchito aliyense ayenera kutsatira buku la malangizo limene unduna wapereka pa kalembera amene akuchitikayo.

Gawo 13 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa boma udindo wolemekeza ndi kuthandiza okalamba komanso anthu aulumali. Kaya kusankha kukutsatira njira yakale kapena yatsopano, udindo umenewu umayambira pa kalembera. Makomiti ndi alangizi a kwa Liwonde, Nyambi, Chikweo, Nsamala, Amidu, Nkaya ndi madera ena onse ayenera kukhala ndi mayina a anthu okhala okha m'midzi yawo kalembera asanayambe, kubwereranso pa khomo lililonse limene analipeza lotseka, ndi kuonetsetsa kuti dzina la amene sanathe kufika pa msonkhano lawerengedwa ndipo wina wamuyankhulira.